Fakitale yakale ikasanduka nyumba ya zaluso, amene amatsala m'deramo ndani?

Ku New York kuli dera lotchedwa SoHo, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ukamayenda m'misewu yake unkaona timabolodi ting'onoting'ono tokhomedwa pazitseko za mafakitale akale, tolembedwa zilembo zitatu, A.I.R., chidule cha Artist in Residence, kutanthauza kuti muno mukukhala waluso, kenako nambala ya nsanjika. Timabolodi timeneti tinali touza ozimitsa moto kuti chonde moto ukabuka muno musayese ndi shedi ya nsanza chabe, m'mwambamu mukugona munthu. Munthu wakeyo anali wojambula kapena wosema wopanda ndalama, amene wapeza chichipinda chachikulu pa lendi yozizira, chopanda khitchini, chopanda bafa yeniyeni, ndipo nthawi yachisanu chotenthetsera m'nyumba chinkazimitsidwa anthu akaweruka chifukwa nyumbazo zinali za ntchito osati zogona. Kwa ambiri kugona m'menemo kunali kuphwanya lamulo, nde ena ankatchinga mawindo ndi nsalu zakuda kuti kuwala kusaoneke panja, zinyalala za kukhitchini ankakataya kutali kuti asadziwike. Mu 1968 Donald Judd, mmodzi wa akatswiri azaluso a nthawi imeneyo, anagula nyumba yonse ya nsanjika zisanu pa 101 Spring Street ndi madola 68,000. Pitani lero kumeneko, mupeza masitolo a Prada ndi Apple, ndipo wojambula wongoyamba kumene sangakwanitse ngakhale kakona.

Zimene zinachitika ku SoHo zachitikanso m'mizinda yambirimbiri moti zili ndi dzina, gentrification. Anayambitsa mawuwa ndi mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Ruth Glass, mu 1964, ataona mmene madera a anthu ogwira ntchito zamanja ku London ankalowedwera ndi anthu opezako bwino, nyumba imodzi imodzi, ikatha lendi yake kuigula, kuikonza, mpaka eni dera onse atachoka ndipo deralo lasinthiratu nkhope. Mawuwa anawatenga ku "gentry", anthu apamwamba okhala ndi malo ku England. Ine chimene chimandigwira mtima pankhaniyi ndi choti zimayamba ndi chinthu chabwino zedi, nyumba yakufa kuukanso, koma kumapeto kwake anthu amene anapirira m'deralo nthawi ya mavuto ndi amene sadya nawo.

Tiyambe ndi funso loti mafakitalewa amakhaliranji opanda kanthu poyamba. Kale mafakitale ankamangidwa mkati mwa mzinda, pafupi ndi njanji, doko kapena mtsinje, ndipo antchito ankakhala pompo kuti aziyenda wapansi. Itatha nkhondo yachiwiri yapadziko lonse zinthu zinasintha, katundu anayamba kuyenda pa malole ndi m'makontena, makina atsopano ankafuna nyumba zotakasuka zopanda nsanjika, ndiye makampani anasamukira kunja kwa mizinda, ena kumayiko kumene antchito amalipidwa zochepa. Zotsala zinali zinyumba zikuluzikulu za njerwa ndi zitsulo, madenga aatali, mawindo akuluakulu, pansi polimba poti panapangidwira makina olemera. Kwa wabizinesi chimenecho ndi chimtolo. Koma kwa munthu wosema chitsulo cholemera matani, kapena wojambula pansalu yotalika mamita asanu, kapena gulu lovina lofuna poyeserera, imeneyo ndi mphatso, kuwala kokwanira, phokoso palibe okuletsa, penti atayike pansi palibe wodandaula, ndipo landilodi amangothokoza kuti wapeza womulipira kangachepe.

Pali anthu amene nkhani zambiri za SoHo zimawadumpha ndipo ine sindikufuna kuwadumpha. Deralo silinali bwinja ayi. Kafukufuku amene Chester Rapkin anachitira mzindawu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anapeza timakampani mazanamazana tikugwirabe ntchito, tosoka, tosankha nsanza, topanga makatoni, tolemba anthu oposa 12,000, ambiri mwa iwo anthu akuda ndi ochokera ku Puerto Rico. Oyamba kukankhidwa pamene lendi inayamba kukwera anali amenewa, ndipo iwo analibe nyuzipepala yowalembera. Aluso anamenya nkhondo yawo napambana, msewu waukulu umene Robert Moses, mkulu wa zomangamanga mumzindawu, ankafuna kudutsitsa pamenepo unalephereka mu 1969, mu 1971 lamulo linawalola kugona m'nyumbazo, mu 1973 deralo linatetezedwa ngati malo a mbiri yakale. Chigonjetso chilichonse chinkapangitsa malowo kukhala otetezeka kwa munthu wofuna kuikapo ndalama. Walira mvula walira matope. Pofika m'ma 1990 ngakhale ma gallery, malo oonetsera ndi kugulitsa zaluso, anali akusamukira ku Chelsea, dera lina la New York, aluso achinyamata anawolokera ku Brooklyn, ku Williamsburg, kenako Bushwick, ndipo kulikonse kumene afika nkhani imayambiranso.

Tsopano apa mpamene pagona nkhani, ndipo ndikufuna tipamvetse bwino. Anthu ambiri amaganiza kuti gentrification imabwera chifukwa achinyamata ophunzira angokonda kukhala m'nyumba za njerwa zosapaka pulasitala. Zilipo ndithu zimenezo, koma Neil Smith, katswiri wa jogalafe wochokera ku Scotland, mu 1979 anafotokoza mbali imene ine ndimaiona kuti ndi yolemera kwambiri. Iye anati tiziyang'ana kusiyana kwa ndalama imene malo akubweretsa panopa ndi imene akanabweretsa atagwiritsidwa ntchito mwanjira yopindulitsa kwambiri, chimene anachitcha rent gap. Tinene chonchi, shedi yodontha ili pafupi ndi pakati pa mzinda ikumubweretsera mwini wake 10 pamwezi, koma malo omwewo atamangapo mafulati apamwamba angabweretse 100. Pamene kusiyanako kuli kochepa palibe amene amavutika nazo. Kukakula, mpaka kukwanira kugula, kugwetsa kapena kukonza, kubweza loni ya kubanki n'kutsalabe ndi phindu, ndalama zimabwerera m'deramo mothamanga. Ndiye kuwonongeka kwa dera si mdani wa ogula malo, ndi kumene kumawakonzera mpata, ndipo pali eni nyumba amene amasiyira dala kukonza denga, amangodikira, chifukwa akudziwa kuti chuma chili mu dothi osati mu zipupa.

Nanga aluso akulowa pati? Iwo ndi amene amachotsa mantha. Dera limene anthu ankaliopa usiku limayamba kumveka ndi dzina lina, kwatsegulidwa chiwonetsero, kwabwera oyimba, khoma lajambulidwa, wina watsegula kamalo komwera khofi, atolankhani alemba, zithunzi zayenda pa Instagram. Ntchito yonseyi yosintha mbiri ya dera aluso amaigwira ulere, nthawi zina akuika mapaipi ndi magetsi ndi ndalama za m'thumba mwawo m'nyumba ya eni. Sharon Zukin analemba za zimenezi mu 1982 akuyang'ana New York yemweyo, kusonyeza mmene moyo wa aluso m'mafakitale unasandukira katundu wogulitsa kwa anthu olemera amene sanagwirepo bulashi. Mwini malo amapereka lendi ya chaka chimodzi kapena ziwiri, samaina yaitali, ndipo galu wamkota sakandira pachabe, tsiku limene mtengo wafika pamene ankafuna amangobweretsa kalata.

Poyamba zimenezi zinkachitika zokha, pang'onopang'ono, zaka 20 kapena 30. Kenako makhonsolo ndi makampani omanga anaphunzira njirayo nkuyamba kuichita dala. Ku London, nyumba yopangira magetsi ya Bankside inatsekedwa mu 1981 nkukhala zaka zambiri ili duu, mpaka inatsegulidwanso mu 2000 ngati Tate Modern, nyumba yoonetsera zaluso zamakono, holo imene munkakhala makina yotalika mamita 35 kupita m'mwamba inasanduka malo oonetsera zinthu zikuluzikulu, kulowa ulere, ndipo chaka choyamba chokha kunafika anthu oposa 5 miliyoni. Mameya a dziko lonse anaona. Mu 2002 Richard Florida, katswiri wa za mizinda wa ku America, anabwera ndi ganizo loti mzinda umene ukufuna kulemera uzikopa anthu a ntchito za luso ndi nzeru, ndipo ganizoli linafalikira ngati moto wolusa, mzinda uliwonse unafuna dera lake la zaluso. Mu 2017 mwini wakeyo analembanso kuvomereza kuti mizinda imene inapambana mwanjira imeneyi ndi yomwenso inadula kwambiri ndi kugawa anthu kwambiri.

Ku Beijing kuli chitsanzo choonetsa kuti nkhaniyi si ya mayiko a azungu okha. Malo otchedwa 798 anali mbali ya fakitale yaikulu ya zipangizo zamagetsi yomangidwa m'ma 1950 mothandizidwa ndi akatswiri a ku East Germany, madenga ake opindika okhala ndi mawindo oyang'ana kumpoto kuti kuwala kuzilowa mofanana tsiku lonse, chinthu chimene wojambula aliyense amachilakalaka. Ntchito itachepa, aluso anayamba kulowamo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mawu ofiira a nthawi ya Mao, mtsogoleri wakale wa China, akadali pamakoma, sanawafufute. Panali mapulani ogwetsa malowo, aluso analimbana nawo, boma linawasunga. Atasungidwa lendi inakwera, munadzaza ma gallery akuluakulu, masitolo ndi alendo odzajambulitsa, aluso ambiri nkusamukira kumidzi ya m'mphepete mwa mzinda ngati Caochangdi ndi Songzhuang, kumenenso ena anawagwetsera nyumba zogwiriramo ntchito.

Ndisanamveke ngati ndikunena kuti mafakitale akale azingosiyidwa awole, ayi, sindikutero. Nyumba yosiyidwa ndi ngozi, mumakhala asbestos, chomangira chakale chimene fumbi lake limawononga mapapo, dothi lake nthawi zambiri limakhala ndi mtovu ndi mafuta a makina, ndipo kuyeretsa zimenezi kumafuna ndalama zambiri zimene aluso alibe. Mu December 2016 ku Oakland moto unabuka m'shedi ina yotchedwa Ghost Ship, mmene aluso ankakhala ndi kuchitiramo zoimbaimba mopanda chilolezo, mawaya amagetsi olumikizalumikiza, masitepe a matabwa a mapaleti, munafa anthu 36. Anthu amenewo anali m'menemo chifukwa malo abwino anali atadula. Komanso kugwiritsanso ntchito nyumba yomwe ilipo kale kumapulumutsa simenti ndi zitsulo zambiri kuposa kugwetsa nkumanga ina, ndipo kumasunga chikumbutso cha anthu amene anakhetsa thukuta pamenepo. Ku Essen ku Germany mgodi wa malasha wa Zollverein unatsekedwa mu 1986, lero muli malo osungira mbiri, sukulu ya zaluso, ndipo bungwe la UNESCO linauika pamndandanda wake wa malo a mbiri ofunika padziko lonse mu 2001, mdzukulu wa munthu wa mumgodi akhoza kukaona pamene agogo ake ankatsikira. Zimenezi ndi zamtengo wapatali ndipo ndimazilemekeza.

Ndi bwinonso kunena kuti akatswiri samagwirizana pa kuchuluka kwa anthu amene amathamangitsidwa. Lance Freeman ndi mnzake Frank Braconi mu 2004 anapeza kuti ku New York mabanja osauka a m'madera amene akutukuka sankasamuka kwambiri kuposa a m'madera ena, mwina chifukwa dera likayamba kukoma munthu amalimbikira kukhalabe, komanso kumeneko kuli malamulo oletsa kukweza lendi mwachisawawa. Koma Peter Marcuse anali atachenjeza kale m'ma 1980 kuti kuchotsedwa kuli mitundumitundu. Pali kotulutsidwa katundu panja, kumene aliyense amakuona. Palinso kwachinunu, banja losauka likachoka pazifukwa zake nyumbayo siibwereranso kwa banja lina losauka, mwana wobadwira m'deramo akakwatira sapezamo nyumba, anansi amatha mmodzimmodzi, sitolo imene inkakongoza yatsekedwa, tchalitchi chatsala ndi okalamba okhaokha, munthu ukukhala pakhomo pomwe unabadwira koma wasanduka mlendo. Zimenezi sizioneka bwino m'mawerengero koma zimapweteka chimodzimodzi.

Ku Cape Town nkhaniyi imalasa pachilonda chakale. Padoko pali nkhokwe zazikulu za tirigu ndi chimanga zomangidwa m'ma 1920, zinasiya kugwira ntchito mu 2001, ndipo mu 2017 zinatsegulidwa ngati Zeitz MOCAA, nyumba yoonetsera zaluso zamakono za mu Africa. Wojambula mapulani a nyumba Thomas Heatherwick ndi gulu lake anadula mkati mwa migolo ya konkire 42 ija nkusema chiholo chooneka ngati njere imodzi yaikulu, ukaima pansi nkuyang'ana m'mwamba umaona migolo yodulidwa pakati ngati zisa za njuchi, kuwala kukutsika kuchokera kudenga. Ndi ntchito yokongola kwambiri, ndipo pamwamba pake pali hotela yodula zedi. Makilomita ochepa kuchoka apo kuli Woodstock, dera la mafakitale ndi antchito limene linapulumuka nthawi ya tsankho pamene District Six yoyandikana nayo inagwetsedwa anthu pafupifupi 60,000 nkusamutsidwa. Chimene apartheid inalephera ku Woodstock, msika unayamba kuchikwanitsa. Fakitale yakale ya mabisiketi inasanduka Old Biscuit Mill, malo a masitolo, zaluso ndi malesitilanti otchuka, ndipo mumsewu wapafupi pomwepo, Bromwell Street, mabanja amene anakhala zaka zambirimbiri, ena mibadwo ingapo, analandira chigamulo choti achoke nyumba zawo zitagulidwa ndi kampani yomanga. Malo amene khonsolo inawalozera anali Wolwerivier, makilomita pafupifupi 30 kunja kwa mzinda, kutali ndi ntchito, sukulu ndi chipatala. Anakana, anapita kukhoti, mlandu unatenga zaka zisanu ndi zitatu, mpaka mu December 2024 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mowakomera, kuti mzinda uwapezere pogona mkati mwa tauni kapena pafupi. Ku Johannesburg nakonso, dera la Maboneng linayamba mu 2009 ndi mashedi akale osandutsidwa Arts on Main, linatchuka dziko lonse, koma kampani imene inaliyendetsa inagwa mu 2018 nyumba zambiri nkugulitsidwa pa okushoni. Dera lonse likatsamira kampani imodzi, kampaniyo ikatsetsereka onse amagwa nayo.

Funso limene limavuta ndi loti kodi aluso ndi olakwa? Ku Boyle Heights ku Los Angeles, dera la anthu ambiri ochokera ku Mexico, anthu anafika pochita zionetsero pamakomo a ma gallery cha m'ma 2016 kuwauza kuti achoke, ndipo ena anatsekadi. Ine ndimawamvetsa, anali ataona zimene zinachitikira madera ena ndipo sanafune kudikira. Koma sindikhulupirira kuti ukathamangitsa wojambula ndiye kuti rent gap ija yatsekeka, ndalama zibwerabe, zingopeza khomo lina. Aluso ambiri nawonso ndi anthu a lendi, osauka, amene amachotsedwa gulu lachiwiri. Pamene ndimawapeza ndi mlandu ndi pamene afika m'dera nkumalankhula ngati munalibe anthu, ngati iwo ndi amene alitulukira, kapena kulola kampani yomanga kuwagwiritsa ntchito ngati maluwa apakhomo uku akudziwa kuti kuseri anthu akulandira makalata. Ngakhale anthu a zolinga zabwino amaphonya. High Line ku New York inali njanji ya m'mwamba imene sitima inadutsapo komaliza mu 1980, anthu awiri a m'deralo anailimbanira kuti isagwetsedwe, inatsegulidwa ngati paki mu 2009, anthu mamiliyoni amayendapo chaka chilichonse ndipo mitengo ya nyumba m'mbali mwake inakwera koopsa. Mu 2017 mmodzi wa awiriwo, Robert Hammond, anavomereza poyera kuti pa cholinga chothandiza anthu a m'deralo analephera, makamaka okhala m'nyumba za boma zapafupi, ndipo anati ankafunsa anthu za kaonekedwe ka paki m'malo mowafunsa chimene akusowa.

Ndiye ine ndikamva kuti fakitale yakuti isanduka malo a zaluso, funso langa loyamba silikhala la kukongola kwa mapulani, limakhala loti dothilo ndi la ndani, ndipo mtengo ukakwera phindu lipita m'thumba la ndani. Malo amene zinayenda bwino amafanana pamenepa. Ku São Paulo kuli SESC Pompeia, fakitale yakale ya migolo yachitsulo. Lina Bo Bardi, wojambula mapulani a nyumba, atapatsidwa ntchito yoikonza mu 1977 anapitako Loweruka lina nkupeza ana akuthamanga, anyamata akusewera mpira, mabanja akucheza m'mashedi momwemo, ndiye anaganiza zoti ntchito yake ndi kusunga chimene chilipo kale. Sanagwetse, anasiya njerwa ndi konkire zili pamtunda, anaikamo laibulale, holo ya zisudzo, malo ophunzirira kuumba ndi ukalipentala, kamtsinje kakang'ono kodutsa m'kati mwa shedi, kenako nsanja za konkire zokhala ndi mabwalo a masewero ndi dziwe losambira. Mwini wake ndi bungwe losamalira antchito a m'masitolo ndi m'mabizinesi, loyendetsedwa ndi ndalama zimene makampani amasonkha malinga ndi malipiro a antchito awo, ndiye silikudikira tsiku logulitsa. Ku London, pafupi ndi Tate Modern pomwepo, anthu a ku Coin Street analimbana zaka zambiri ndi mapulani omanga maofesi, mu 1984 anagula maekala 13 kudzera m'bungwe lawo, anamanga nyumba za makopaletivi za lendi yotsika, ndipo mu Oxo Tower Wharf muli timashopu ta aluso pansi, mabanja wamba pakati, lesitilanti yodula pamwamba, ndalama za bizinesi zikuthandiza deralo. Malamulo a boma amathandizanso, kuchepetsa kakwezedwe ka lendi, kukakamiza omanga kuti gawo la nyumba zatsopano likhale lotsika mtengo, kusasintha malo onse a mafakitale kukhala ogona kuti okonza magalimoto ndi owotcherera asathawe, koma zonsezi zimagwira ntchito zikachitika msanga mitengo isanauluke.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri chili ku Wedding, dera la anthu ambiri osauka ndi obwera kuchokera kumayiko ena ku Berlin. Kampani ya Rotaprint, yopanga makina osindikizira, inagwa mu 1989, malo ake anatsala m'manja mwa mzinda, ndipo munali anthu a lendi osiyanasiyana. Mzinda utafuna kugulitsa, aluso awiri, Daniela Brahm ndi Les Schliesser, anasonkhanitsa anzawo a lendi kuti agule okha. Apa mpamene anachita chinthu chovuta chimene ambiri sitingachite, anadziwa kuti akagula m'maina awo tsiku lina mtengo udzakwera ndipo wina mwa iwo adzafuna kugulitsa gawo lake, ndiye anadzitsekera okha njira yolemerera. Mu 2007 dothi linapita m'manja mwa mabungwe awiri, Stiftung trias ndi Stiftung Edith Maryon, amene cholinga chawo ndi kuchotsa malo pamsika, pomwe nyumba zili m'manja mwa kampani yosapanga phindu ya anthu a lendiwo, ExRotaprint, pa pangano la zaka 99. Ndalama za lendi zimabwerera kukonza nyumbazo. M'panganomo analembamo kuti malowo azigawidwa patatu mofanana, gawo limodzi la aluso, lina la ntchito zamanja ndi mabizinesi ang'onoang'ono, lina la ntchito zothandiza anthu a m'deralo, ndiye pabwalo limodzi pamakumana kalipentala, woimba, wojambula, munthu wobwera kudzaphunzira Chijeremani ndi mwana amene anasiya sukulu akuthandizidwa kubwereramo. Mitengo ya nyumba ku Berlin yakwera kwambiri chichokereni 2007, koma pamalo amenewa palibe amene angabwere ndi kalata yoti tagulitsa, pangano lawo lidzatha mu 2106.